Tsiku limene apongozi anakweza madzi a m'mutu mwanga

Nkhani iyi akazi anga amati ndisamaikambe pagulu, koma kwathu kuno ku Nsaru inafala kale, ndiye bola muimve kwa mwini wake.

Chaka chathachi, nthawi yosankha fodya, mutu unayamba kundipweteka. Ndikawerama n'kudzuka, m'maso mumagwa mdima. Tsamba limodzi ndimaona awiri (ndinayamba ndakondwa, ndimati fodya wachuluka). Mayi a Lusiya, akazi angawo, ananditengera kuchipatala cha mishoni pa ngolo.

Adokotala anandiunika m'maso ndi katochi. Akuti madzi a m'mutu akachuluka amapanikiza mitsempha ya maso, munthu n'kuchita khungu. Ndiye ayeze pobaya kumsana.

"Kodi bwana, ukupweteka ndi mutu, inu mubaya kumsana?"

"Madzi ake ndi amodzi," anatero. Anandionetsa kagalasi kowonda ngati bango, kokhala ndi timizere, momwe madziwo amakweramo akabaya. "Akapitirira mzere uwu, mupita kuchipatala chachikulu ku Halale akakutseguleni mutu. Inu mungogona phee, muzipuma bwino. Mukalimbitsa mimba, madzi amakwera."

Ndinagona chammbali, malaya atandivula, buluku atanditsitsa ndithu, maondo pachifuwa ngati bongololo. Singano inalowa. Ndinapirira.

Kenaka ndinamva mawu pawindo: "Odi kuno. Akuti mkamwini wanga ali muno eti?"

Apongozi, amayi awo a akazi anga. Anayenda wapansi kudzandiona, nkhuku ili m'khwapa. Tsono inu mukudziwa, ine pamudzi paja ndine mkamwini. Chikwatirireni, ine ndi iwo sitinayang'anizanepo kumaso, mawu timatumizirana kudzera kwa mwana wawo. Lero windo lopanda nsalu, ndipo mbali imene inaloza kuwindoko sindiitchula.

Ndinaleka kupuma. Ndinakoka mimba, ndinafinya thupi lonse, maganizo anga akuti ndikachepa mwina sandiona (munthu wa ana asanu, ndevu zili mbuu). Madzi aja kumbuyoko anathamanga, kupitirira mzere, mpaka kufuna kusefukira.

Adokotala mawu anasintha. "Izi sizabwino. Mayi, amuna anu akonzekere ulendo wa ku Halale." Kenaka anasuzumira nkhope yanga. "Bambo, kodi mukupuma?"

Ndinangonong'ona kuti, "Apongozi."

Mayi a Lusiya analira n'kuseka nthawi imodzi. Koma gogoyo za Halale anali atazimva. Ndinamva nkhuku ikukupiza, kenaka mawu awo akumveka ngati ali m'thumba.

"Iwe Nabanda mwana wanga, uwauze abambo a Lusiya kuti ndafunda nsalu kumutu, ndayang'ana kumsewu. Sindinaone kanthu. Apume. Akawatsegula mutu kumeneko, pakhomo panga atsala ndani wondifolerera nyumba osanyinyirika?"

Chibwerereni pamudzipo, aka kanali koyamba kumva akundiyamikira. Ndinapuma, misozi ikutsikira m'khutu. Madzi anayamba kutsika pang'onopang'ono, n'kukaima pansi pa mzere. Anali okwerabe, anatero adokotala, koma osati a ku Halale. Anachotsako ena, anandipatsa mankhwala, n'kundiuza kuti ndizibwera adzandiunike. Maso pano akuona, tsamba limodzi ndi limodzi basi.

Ndinadziuza kuti ulemu wina ungakutsegulitse mutu, ndipo ndinakhulupirira kuti gogoyo sanaonedi kanthu. Nditatuluka m'chipatala, mayi a Lusiya anabwera kuchokera kwa amayi awo ndi kansalu kakhaki, singano ndi ulusi.

"Amayi akuti kabudula wanu wam'kati wang'ambika kumanzere."