Najere Sadontha

Lolemba

Mma Lerato, eni malo amene ndikuchita lendi kuno ku Bapong, ku Joni, andipeza ndikupukuta Najere. Najere ndi baki yanga yabuluu, galimoto yonyamula katundu kumbuyo, yakale kuposa nyumba zonse za mumsewu muno. Ndinaigula kwa kapitawo wina wa kumgodi pamene ankapita kukapuma, ndipo yaima pakona ya mpanda kuyambira chaka chimene dzimbiri linayamba kuidya.

Akuti, "Madala, pamene paima chikorokoro chanupa ndikufuna kumangapo chipinda china. Pofika Lamulungu chituluke pageti ndi miyendo yake. Apo ayi, ndikuitana a sikirapu."

Chikorokoro! Galimoto imene inanyamulapo akwati, mbuzi, ndi kwaya yathunthu.

A sikirapu, ogula zitsulo zakutha aja, samugwira Najere. Achemwali anga ku Ntcheu amakonda kunena pafoni kuti machona amabwerera kumudzi ali m'bokosi. Ine ndinawauza kalekale kuti ndidzalowa m'mudzimo ndikuliza hutala, chigongono chili pawindo. Mawu amenewo sindinawabweze.

Injini ilibe mlandu, ndimailiza mwezi ndi mwezi ndipo imayankha. Chodwala ndi thupi. Kumbuyo konyamulira katundu kwachita mawanga ofiira, penti yatupa ngati khungu lopsa, mvula ikagwa imalowa paliponse. Ntchito yake ndi iwiri basi: kuchotsa dzimbiri, kutseka madzi.

Zofunika:
mgwala wanga
sandipepa
phula
penti yotsala ya buluu
kusamvera a Zuze

A Zuze ndi anzanga a ku Angonia, tsidya la malire, kwawo ndi kwathu n'kongodumpha msewu. Amawotcherera zitsulo ku Mooinooi, ndiye amaganiza kuti chitsulo chilichonse cha m'dziko muno chimawadziwa dzina. Ine sukulu sindinapondeko, zilembo izi ndinachita kutola ndekha kukompaundi ya kumgodi, koma zaka zonse zimene ndinagwira pansi pa nthaka denga silinandigwerepo. Kachitsulo n'chiyani poyerekeza ndi thanthwe?

Lachiwiri

Ndadzuka m'mamawa, ndavala ovolosi ya kumgodi. Ikundikwanabe, kupatula pamimba.

Mgwala ndi chitsulo chachitali chimene tinkagogodera denga la mgodi tisanayambe ntchito. Lamulo lake ndi limodzi. Pakalira ngwe, ndi pamoyo, pasiye. Pakalira phu, pagwetse pasanakugwetse. Lamulo limeneli lasunga anthu ambiri, ndiye sindikuona chifukwa choti lilephere pa baki.

Boneti: ngwe.
Denga: ngwe.
Zitseko: ngwe, ngakhale cha kumanzere chikuyankha monyinyirika.
Kumbuyo: phu.

Ndagwetsa. Pambali pake: phu. Ndagwetsa. Penti inali yosalala bwinobwino pamwamba, kunsi kwake ngati chikondamoyo chagonera. Chikomekome cha mkuyu.

Dzuwa lili pamutu, ndipo pa phu sipakutha. Bowo lililonse likubala linzake. Sandipepa sindinamugwire n'komwe, palibe poti ndimukhulire.

Masana. Ndaima kumbuyo kwa Najere, ndikuyang'ana pansi, ndikuona nkhuku ya Mma Lerato ikundiyang'ana. Pansi ponse pa kumbuyo papita. Kwatsala nthiti zokha, ndi m'mbali.

A Zuze afika akukankha njinga, ayenda mozungulira kawiri. Kenaka akuti, "Kompadire, mukuchiritsa kapena mukusenda?" Akuti ali ndi lata lokhuthala kushopu kwawo, abwere nalo mawa, awotcherere, pofika Lachinayi tamaliza.

Ndawathokoza. Ndawakumbutsanso kuti geti ya pano anawotcherera ndi iwo, geti imene imatseguka ikafuna yokha.

Akuti, "Ndiye muikapo chiyani?"

Ndawauza kuti aona. Kunena zoona nanenso ndiona.

Lachitatu

Nzeru yabwera ndikumwa tiyi. Kumgodi tikagwetsa zonse zofooka tinkatani? Tinkayala waya, n'kupopera simenti. Thanthwe linkakhala chete mpaka lero. Ndipo ndani anaonapo simenti itachita dzimbiri? Palibe.

Waya: wa khola lakale la nkhuku, ulipo.
Matabwa otchingira kunsi: alipo.
Simenti: matumba a Mma Lerato omangira chipinda chija ali pakhonde. Ndabwereka. Iwo sakudziwa kuti ndabwereka, koma popeza ndi iwo akufuna galimoto ichoke, tikuthandizana.
Mchenga: womwewo.
Madzi: apa ndiye pali nkhani.

Mpopi wa mumsewu muno unauma sabata yatha. Ukautsegula umangopuma ngati munthu wokwera phiri. Amayi a pabwalo pano amadzuka kukadikira galimoto ya thanki ya madzi kumsewu waukulu, n'kudzathira madziwo mu mgolo wa kuseri kwa khitchini.

Ndatungamo pang'ono. Simenti yamwa. Ndatunganso. Simenti ya masiku ano ndi yaludzu.

Ndayala waya, ndathira, ndasalaza ndi thabwa. Poonda ndawonjezera. Kenaka ndaona kuti kumene ndawonjezerako kwakwera kuposa kwinako, ndiye ndawonjezeranso kwinako. M'mbali namonso ndamata mpaka m'milomo, dzimbiri lisapeze polowera. Kumgodi sitinkaumira simenti. Woumira simenti ankatuluka pa machira.

Zakongola! Pansi pa Najere pali ngati pabalaza pa abusa.

Madzulo Mma Lerato atsegula mgolo. Zimene anena m'Chitswana sindilemba, pepala ndi la Mulungu. Za m'Chichewa chawo chothyokathyoka ndi izi: "Madala, ana asamba chiyani? Asamba galimoto?" Kenaka awerenga matumba pakhonde ndi maso, andiyang'ana, akuti, "Lamulungu." Liwu limodzi lokha.

Nkhuku ija yayenda pa simenti isanaume. Mapazi ake akhala pamenepo mpaka kalekale.

Lachinayi

Tsiku la phula. Ndalitenthetsa m'chitini cha penti pa mbaula, fungo lafika mpaka kwa aneba. Mayi wa chipinda chachitatu wachotsa zovala zake pachingwe mondionetsera.

Ndamata m'mphepete monse mmene simenti yakumana ndi chitsulo. Ndamata kunsi. Chitseko cha kumbuyo chija chimatsika pokweza katundu ndachimatanso, chifukwa mpata wake ndi umene unkalowetsa madzi. Katundu tizidzakweza chodumphitsa, si vuto.

M'makona ndapeza timabowo tiwiri tozungulira bwino, tosalala m'mbali. Dzimbiri la ku Joni ndi laukhondo.

A Zuze abweranso, akuti angodutsa. Kuchokera ku Mooinooi munthu sangodutsa ku Bapong, koma chabwino. Agogoda simenti ndi chala, akhala pansi pa njerwa, aseka mpaka kutsokomola. Ataona ndikulunjika pa timabowo tija aimirira. Akuti, "Timeneto tisiyeni, kompadire. Si dzimbiri ayi, anaboola dala opanga galimoto, kuti madzi akalowa azituluka."

Ndawafunsa kuti kodi munthu wanzeru amaboola chinthu kuti madzi atuluke, kapena amatseka kuti asalowe? Bowo ndi bowo. Ndatseka tonse tiwiri, kawirikawiri.

Akuti, "Safunsa anadya phula." Ndawauza kuti langali sindikudya, ndikumata.

Afunsanso ngati ndaganizako za kulemera kwake. Najere ananyamulapo kwaya, ndi amayi a mvano omwe. Ndapitiriza kumata.

Penti yabuluu yakwanira mbali imodzi. Ndasankha mbali imene idzayang'ane kunyumba kwa achemwali ndikadzaima.

Phula lili m'zikhadabo, m'ndevu, ndi pa thalauza la kutchalitchi. Sindikudziwa kuti lafikako bwanji, thalauzalo linali m'nyumba.

Lachisanu

Tsiku loyesa. Ndachotsa matabwa a kunsi, simenti yagwira yokha. Ndapopa matayala. Akumbuyo akuoneka ngati akuganiza zambiri.

Anthu atuluka m'zipinda kudzaonerera. Ndavala chipewa. Ndaliza injini, yayankha kamodzi kokha, mawu ake omwe aja a kale. Ndaliza hutala. Mma Lerato atsegula geti okha, ndi mwendo, chifukwa ndi mmene imatsegukira.

Giya yoyamba. Najere wanjenjemera, wabuula, wasuntha!

Wachoka pakona. Wadutsa pa chingwe cha zovala. Chiwongolero chapepuka modabwitsa, ngati matayala akutsogolo sakufuna kugunda pansi. Ndikuona geti, ndikuona msewu, ndikuona Ntcheu.

Pali kamgula kakang'ono pafupi ndi zipinda za lendi, kamene ana amadumpha posewera. Tayala lakumbuyo lalowamo. Kwamveka kho, kenaka kho winanso. Najere wakhala pansi ngati ng'ombe yokana goli. Mphuno m'mwamba, matako m'dothi.

Masipuling'i onse awiri athyoka. Thupi lakhalira matayala.

Anyamata a zipinda zino akankha. Aitana anzawo a mpanda winawo, akankha. Wina akuti, "Madala, mwaikamo chiyani umu, manda?" Najere sanasunthe ngakhale chala. Waima motsamira khoma la zipinda, kumbuyo kwake kuli ndendende pansi pa mlomo wa malata.

Mma Lerato atseka geti. Atulutsa foni, akuimbira a sikirapu.

Achemwali aimba madzulo, akufunsa za galimoto. Ndawauza kuti lero yayenda. Si bodza.

Loweruka

Ndaganiza zochotsako simenti pang'ono kuti apepukidwe. Ndatenga mgwala, ndamenya ndi mphamvu zanga zonse.

Ngwe.

Ndamenyanso. Ngwe. Mgwala wadumpha, mapewa achita dzanzi, pa simenti palibe ngakhale kachipsera. Ntchito ya manja anga. Sindikudziwa ngati ndiseke kapena ndilire.

Ndatumiza uthenga kwa a Zuze, osati kupempha thandizo, kungowadziwitsa. Abwera ndi jeke. Jeke walowa m'dothi, Najere ali pomwepo. Agona chagada, asuzumira kunsi, atuluka akudzikuntha fumbi. Akuti masipuling'i a mtundu umenewu angapezeke, koma osati mawa, ndipo ngakhale atapezeka adzathyokanso. Sanaseke. Zikanakhala bwino akanaseka.

Ndatenga nsanza, ndapukuta boneti ndi magalasi. Ngati akupita ku sikirapu, apite ali woyera.

Chakumasana kwada mbali ya mapiri. Mphepo, fumbi la kumigodi, kenaka mabingu. Ndalowa kutsogolo kwa Najere, ndatseka chitseko, ndati mvula yomaliza tikhale limodzi.

Matalala ayamba, kenaka chimvula chenicheni. Madzi onse a padenga la zipinda akutsika pa malata n'kugwera kumbuyo kwa Najere ngati mathithi. Ndikuyang'ana pa kawindo ka kumbuyo: akukwera. Mapazi a nkhuku amira.

Kutsogolo kuno nako kukugwa mvula yakeyake. Labala wa galasi lakutsogolo anauma kalekale, ndinamuiwala. Madzi akudontha pa chiwongolero, pa mawondo, m'khosi. Sabata yathunthu kutseka madzi, malo okhawo okhala munthu ndi amene ndasiya.

Mvula yakata. Ndatuluka ndili chinyowere, ndagwada, ndasuzumira kunsi kwa baki. Pouma. Kumbuyo kwadzaza mpaka m'milomo, ndipo pansi sipakugwa ngakhale dontho.

Ndaitana a Zuze, amene anabisala pakhonde, kuti adzaone timabowo tawo tija. Ayang'ana nthawi yaitali. Akuti, "Kompadire, mwamanga damu."

Lamulungu

Sindinapite kutchalitchi, thalauza lili ndi phula.

Ndadzutsidwa ndi kulira kwa ndowa. Mpopi ukadali wouma, koma kumbuyo kwa Najere kuli mzere. Mayi wa chipinda chachitatu akutunga ochapira. Aneba a mpanda winawo abwera ndi zigubu, akupempha mwaulemu. Ana asamba kale, akuwala.

A sikirapu afika ndi lole yawo dzuwa litakwera, anyamata awiri ndi unyolo. Ndavala chipewa, ndaima pafupi ndi chitseko cha Najere.

Mma Lerato atuluka ndi beseni m'manja. Ayang'ana pakona pamene Najere ankaima: papululu, pongodikira njerwa. Ayang'ana mzere wa ndowa. Ayang'ana kumwamba, kumene mitambo ina ikusonkhana kale. Kenaka apita pageti, alankhula ndi anyamata aja m'Chitswana, mwachidule. Lole yabwerera chambuyo.

Pobwera Mma Lerato akuti, "Madala, chikorokoro chikhale. Koma ndi thanki yanga tsopano, simenti ndi yanga. Inu kutsogolo, ine kumbuyo." Akuti mawa agula sefa woti tiphimbire, udzudzu ungaikire, ndipo a Zuze adzaike kampopi pakona. Pa kabowo kamodzi mwa tija ndinatseka. A Zuze avomera mofulumira kwambiri.

Ndiye basi. Najere sapita ku sikirapu. Ku Ntcheu nakonso sapita.

Ndakhala kutsogolo masana onse, chigongono pawindo. Mpando ukadali wonyowa. Aliyense wodzatunga akuyamba wandipatsa moni, ena akugwada pang'ono, ngati ndine mwini chitsime. Ndaliza injini kuti isaiwale, madzi kumbuyo anjenjemera, ana akuwa ndi chimwemwe.

Achemwali aimba. Akuti, "Nanga mubwera liti ndi galimoto yanuyo?" Ndawauza kuti galimoto yapeza ntchito kuno, singachoke. Ine ndibwera pa basi, Khirisimasi ino, ndili moyo, ndi miyendo yanga. Akuti andikonzera chipinda. Za bokosi sananene.

Potsika ndaona kadontho kofiira pa chitseko cha kumanzere, chija chinayankha monyinyirika. Ndagogoda ndi chala. Sindikukonda mmene chikulirira.

Ndapita kukatenga mgwala pamene ndinautsamiritsa dzulo. Palibe. Mma Lerato autsekera kuchipinda kwawo, ndipo kiyi ali m'khosi.