Nangula wa Phulusa

Linali Lachisanu la mu Julaye, cha m'ma 9 koloko m'mawa, pamene ndinataya ulemu umene ndinausunga zaka zambiri pachikamwini kuno ku Nsaru. Ndikakumbuka, mtima umandiwawabe.

Anayambitsa ndi alamu anga, a Yohane, amene anagwirapo ntchito yomanga ku Joni. Anandionetsa pafoni makina opanga magetsi ndi mphepo, oyandama panyanja, atamangiriridwa ku anangula a konkire. "Masiku ano simenti amachepetsa, alamu, amaonjezera phulusa kuti utsi wa kufakitale uchepe. Simukudziwa?" (Phulusa lake liti, sananene.)

Ine ndinali nawo makina anga a mphepo otchajira batire, a gudumu la njinga ndi malata. Padamu la kudambo mphepo imaomba bwino, choncho tinawamangirira pa migolo kuti ayandame. Nangula tinaumba m'ndowa: simenti pang'ono, phulusa la pa uvuni wa njerwa lochuluka.

Tsikulo tinakankhira makina m'madzi n'kuponya nangula. Nangulayo anasungunuka ngati chigumu m'tiyi. Mwera utaomba, makina aja ananyamuka ulendo wa kutsidya, malata akuzungulira mosangalala.

Ndinavula malaya ndi buluku, n'kulowa m'madzi ndi kabudula wamkati yekha. Ndinakawagwira pabango. Nditadzutsa mutu, ndinaona mayi akuchapa pamwala. Apongozi anga! Munthu amene tikakumana panjira ndimapatuka n'kunyonyomala patchire.

Ndinanyonyomala pomwepo, madzi a mu Julaye akulekeza m'khosi. Iwo anatembenuzira nkhope kumbali, n'kulankhula ngati akuuza bango.

"Kodi a bambo a Tadala adzuka bwanji m'madzimo?"

"Ndadzuka bwino, amayi, kaya inu," ndinayankha, mano akugundana.

"Ifenso tadzuka. Musatekeseke, tangotsala ndi mabulangete."

Mabulangete! Kutuluka sindikanatha, kuwauza kuti achoke sindikanayerekeza. Ndipo anachapa mosapupuluma. Kumtunda a Yohane, buluku langa lili paphewa, m'malo mondibweretsera ankangokuwa kuti, "Alamu, koma utsi wachepa, eti?" Munthu wamkulu, wa ana ake! Pofika madzulo mudzi wonse unkandipatsa moni wa m'madzi.

M'mawa mwake, chimfine chitandigwira, ndinaumba nangula wina. Phulusa ndinathirabe, koma pang'ono, chifukwa nzeruyo si yolakwika, olakwika ndi a Yohane. Kenako ndinatuma mayi a Tadala kuti akafunse masiku amene apongozi amachapa.