Ine Sindine Nkhanu

Lolemba

Agata akundiimitsira ukwati chifukwa cha foni!

Zonse zinatha kale. Ine mkazi anandisiya zaka zisanu zapitazo, a Nachisale a ku Chezi nawonso amuna awo anatsogola. Ankhoswe anakumana, anagwirizana. Bambo mfumu akungodikira mayina kuti alengeze m'tchalitchi. Ndiye watulukira mwana wamkazi wa a Nachisale, Agata, woluka tsitsi ku Lilongwe, ndi foni ya galasi long'aluka. Akuti amayi ake sakwatiwa mpaka aone nyenyezi yanga yotuluka. Abwerera ku tauni Lachiwiri la sabata yamawa.

Ndikuti nyenyezi yanga ndi Nthanda, imene yandidzutsa kupita kumunda chiyambire. Akuseka. "Ayi bambo, si choncho."

Akuti kumwamba kuli magulu khumi ndi awiri a nyenyezi, lililonse ndi dzina lake: Mkango, Nkhanu, Nsomba, Chinkhanira ndi ena. Amatuluka kum'mawa motsatizana, usana ndi usiku womwe, lililonse maola ngati awiri. Gulu limene linkatuluka pamene munthu analira koyamba, ndilo limamupatsa nkhope imene anthu amamuonera, ngakhalenso mmene amakhalira ndi mkazi m'nyumba.

Foniyo ikufuna zitatu.
Tsiku lobadwa: lili pa kadi ya ubatizo, mwezi wa Ogasiti.
Malo: patsinde pa phiri lomweli, kuno ku Nachisaka.
Ola: palibe.

Ndikufunsa kuti pa zinyama zonsezo yaikulu ndi iti. Akuti Mkango. Basi. Ine ndine Mkango, changotsala n'kupeza ola lake.

Sukulu sindinapondeko. Zilembo ndinaziphunzira ndekha pa mabelo a fodya ndi m'buku la nyimbo. Ola limodzi silingandikanike.

Lachiwiri

Ku parishi pa njinga. Zitunda ziwiri ndikukankha, osati chifukwa chotopa, tcheni ndi chakale.

Akatekisiti akutsegula buku lalikulu la maubatizo, lonunkha mphemvu. Dzina langa lilimo. La bambo, la mayi, la kholo la ubatizo. Ola mulibe.

"Nthawi imeneyo wotchi inali pa mkono wa azungu a pa mishoni okha," akutero. Atamva chimene ndikufunira, nkhope yasintha. "Zimenezo n'zokaulula Loweruka, akulu."

Ndikuwafunsa: anzeru a kum'mawa aja anatsata chiyani, nyali ya palafini? Akutseka buku lawo. Ndawapambana!

Pobwerera ndikudya mbatata yootcha pa msika. Yokoma kwambiri. Wotsala amene analipo tsiku lobadwa ine ndi mmodzi yekha: alongo anga a Velonika, kuseri kwa phiri, mbali ya ku Ntchisi.

Lachitatu

Shuga paketi imodzi, sopo mmodzi. A Velonika ndikuwapeza pa khonde akuswa mtedza.

"Iwe, mwamuna wamkulu ndevu zoyera, ukufunsa za m'chikuta? Bambo athu sanafunsepo zimenezo mpaka kufa."

Shuga alandira. Kenako ayamba. Akuti iwo anali mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri, anawaika panja kusonkhezera moto wa madzi, mwera ukuwomba. "Tambala woyamba anati alire, iwenso n'kuyamba. Kamawu kako kanali ngati ka kamwana ka mbuzi."

Ndikuimbira Agata pomwepo. Akuti tambala woyamba tiike folo koloko m'mawa. Kenako: "Nkhanu!"

Nkhanu! Kanthu koyenda chammbali, kobisala pansi pa mwala mumtsinje!

Akuwerenga: wolimba kunja, wofewa mkati. Sakonda kuchoka pakhomo. Sataya zinthu zakale. Misozi ili pafupi.

Ndikufunsa funso limodzi lokha: nanga Mkango unatuluka nthawi yanji tsiku limenelo? Akuti dzuwa likutuluka. "Komatu bambo, Nkhanuyo ndi amayi..." Ndadula foni. Zotukwana ndamva zokwanira.

Mabodza okhaokha. Zakale zimene ndikusunga ndi izi basi: chipewa cha bambo, makasu asanu ndi limodzi othyoka, wailesi yosalankhula, goli la ng'ombe zimene ndinagulitsa. Zonse n'zantchito. Tsiku logulitsa ng'ombezo unali utsi wa m'chigafa umene unandilowa m'maso.

Lachinayi

Maola awiri okha pakati pa Nkhanu ndi Mkango. Munthu anyozeke chifukwa cha maola awiri?

Ndabwereranso kuseri kwa phiri. Lero ndanyamula tambala wanga wofiira uja ndi kabotolo ka fodya wamphuno.

Ndikuwakumbutsa alongo anga kuti tambala wa bambo anali wokalamba, waulesi, diso limodzi. Ankalira anthu atafika kale kumunda. Akumukweza tambala wangayo m'manja, kumuyesa kulemera.

"Mwina kunali kutayera pang'ono," akutero.

Ndikutulutsa fodya. Akununkhiza, kuyetsemula kawiri.

"Ndakumbuka. Dzuwa linali litatuluka. Ndinaona chithunzithunzi changa pa khoma."

Ndikuitana amayi awiri a mphakati wawo wa ku tchalitchi kuti amve ndi makutu awo. A Velonika akubwereza, dzanja pa chifuwa. Nkhani yatsekedwa!

Pobwerera njinga ikungotsetsereka yokha. Mapiri onse a Ntchisi ali mbee, utsi wa lupsa uku ndi uku. Ndikuimba nyimbo ya Pasaka ngakhale si nyengo yake.

Lachisanu

Ku Chezi. Jekete, chipewa, nsapato zopaka mafuta.

Takhala pansi pa mango. A Nachisale akusankha nyemba m'lichero, Agata ali ndi foni. Ndikunena mokweza: sikisi koloko, mboni zilipo ziwiri.

"Mkango," akutero Agata.

Ndikukhala bwino pa mpando.

Akuwerenga: amakonda kutamandidwa. Safuna kutsutsidwa. Akalowa m'nyumba, mawu ndi ake okha. A Nachisale osadzutsa mutu: "Pamenepo foni sinaname."

Kenako Agata akutsegula za amayi ake, zimene anaika kale m'fonimo. Iwo ola lawo n'lodziwika, anabadwa belu la masana likulira pa mishoni. Anatuluka Nsomba.

"Mayo! Nsomba ndi madzi, Mkango ndi moto. Amayi, mudzangokhalira kulira m'nyumba imeneyo. Ine sindilola."

Ndikuti mwina foni yatentha ndi dzuwa.

"Mukanakhala Nkhanu, bambo, keke ndikanagula ndine. Nkhanu ndi Nsomba ndi madzi okhaokha, palibe banja loposa limenelo. Ndimafuna kukuuzani Lachitatu, inu munadula."

Ndikuyang'ana a Nachisale kuti alankhulepo. Akutaya kamwala kunja kwa lichero.

"Mwana ameneyu ndiye anandifolera nyumba ndi malata. Sindingamudumphe."

Thobwa andipatsa ndithu, la mawere, lozizira bwino. Makapu awiri. Pobwerera zitunda zonse ndikukankha.

Loweruka

Kuseri kwa phiri kachitatu. Pabwalo pali nthenga zofiira.

Ndikuyamba mofatsa. Ndikuti pogona ndinaganizira, tambala wa bambo uja sanali waulesi kwenikweni.

"Iwe! Ndinalumbira pamaso pa amayi a mphakati. Ukufuna ndikhale wabodza kawiri sabata imodzi? Pa msinkhu wanga uno?"

Ndikuti kamodzi kokha, Lachinayi. Lachitatu munanena zoona.

"Dzuwa ndinaliona. Linali lofiira."

Andipatsa msuzi wotsala ndi phiko limodzi. Ndadya. Tambala wanga anali wonona, zimenezo ndivomere.

Masana kokaulula ku parishi. Ndikuyamba ndi za nyenyezi, monga anandiuzira akatekisiti. Bambo mfumu akuti nyenyezi zisiyeni kumwamba, tiyeni tikambe za tambala. Akuti kugula mboni ndi tchimo lokhala ndi dzina lake. Chilango: kolona imodzi, ndi kukanena zoona kwa amene ndinawanamiza.

Ndikuimbira Agata, ndikuulula zonse. Akuseka mpaka kutsokomola. "Inu mwasintha kawiri, bambo. Ndimve pakamwa pa azakhali eni ake, pano pa Chezi, ndisanakwere basi."

Lamulungu

M'tchalitchi alengeza maukwati atatu. Anyamata a dzana, ena ndinawaona akuyamwa. Langa mulibe.

Titatuluka, wa njinga yamoto wa ku Chezi akundipatsa kansalu komanga. Mkati muli chiponde m'kabotolo. Uthenga wa a Nachisale: "Auzeni kuti mkango sindinauonepo, ndipo sindiufuna pakhomo panga. Abwere ndi alongo awo, mawere ndanyika kale."

Ndakhala pa khonde masana onse, kabotolo m'manja. Maso akuyabwa pang'ono. Fumbi la mwezi uno.

Chabwino. Ndine Nkhanu. Pakhomo ndimapakondadi, makasu aja sinditaya, ndipo kuyenda chammbali ndayenda sabata yathunthu. Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri akhoza kukhala Nkhanu mwakachetechete, bola m'nyumba mukhale wina womufunsa kuti wadzuka bwanji.

Uthenga umene ndikutumiza kuseri kwa phiri ndi uwu: A Velonika, wa njinga yamoto ndapangana naye kale, afika pakhomo panu mawa m'mawa. Mangani chitenje, kwerani, gwirani zolimba pa zitunda. Mukafika ku Chezi mukanene za tambala woyamba, mokweza, Agata amve. Ine ndikakhala kuseri kwa nkhokwe ya a Nachisale mpaka mutamaliza.