Mmene Ndinaondetsera Alamu Anga pa Njinga

Amene akuona ngati ndinama anyamuke pompano, tiyi wakeyo ndimwa ine. Palibe? Chabwino. Zimene ndikuuzenizi ndinazichita ndi miyendo iyi, ndipo mboni zanga zonse zinali anthu aulemu wawo, kungoti zinamwalira.

Inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu sunkalowa mumsika ulibe khadi. Alamu anga Che Bwanali, amuna awo a achemwali anga, anali telala pa Mangochi pompano, ndipo nsalu zonse zimene amayi ankavinira pa misonkhano zinkadutsa pa makina awo. Ntchito inawayanja. Anayamba kudya kampango m'mawa, masana ndi madzulo osachoka pampando, mpaka ananenepa moti tepi yawo yomwe inakana kuwazungulira, akakwera basi anthu onse ankasamukira mbali inayo kuti isagubuduzike, ndipo kumsikiti akagwada pa swala mzere wonse wakumbuyo unkayamba wawadzutsa kaye usanapitirize pemphero.

Tsiku lina anagwa ndi chizungulire pa makina pomwepo. Kuchipatala adokotala anawamanga pamkono lamba woyezera magazi uja, lamba n'kuphulika. Anatenga wina, n'kuphulikanso. Anavula magalasi, nati kwa achemwali, "Mayi, bambowa magazi akuthamanga kwambiri. Mankhwala ake ndi kuyenda pansi ndi kupalasa njinga. Akapanda kutero, Ramadani ikubwerayi saiona."

Achemwali anafika kwa ine nkhope ili misozi yokhayokha. "Achimwene, anawa ndiwalera ndi yani?" Masiku amenewo ine ndinkapikula chambo ku Nkhudzi n'kudzagulitsa pa boma wapansi, dengu pamutu, ndipo ndinkafika nsomba zisanadziwe kuti zatuluka m'madzi. Ndinati, "Pukutani misozi, mawa ndibwera."

Kutacha ndinabwereka njinga kwa aphunzitsi ena a kumishoni, n'kukaiimika pakhomo.

"Alamu, kwerani."

"Alamu, ine njinga chibadwire sindinakwerepo."

"Mwakhala mukupondaponda makina zaka zonsezi osapita kulikonse. Lero mupite."

Anakwera. Njinga inabuula ngati ng'ombe, ine ndinagwira chishalo kumbuyo kuti asagwe, ndipo chimene sindinaganizire n'chakuti mapazi a telala akayamba saima mpaka nsalu ithe, ndipo msewu wa ku Monkey Bay ndi nsalu yaitali. Tinanyamuka, iwo akupalasa ine ndikuthamanga dzanja lili pachishalo, mithunzi yathu inayesa kutitsata koma inatopa n'kukhala pansi pa mlambe, galimoto ya a DC tinaipitirira moti dalaivala anatsika kuti aone chimene chazimitsa injini, mafuta a alamu anayamba kusungunuka n'kumayenderera mumsewu agalu a midzi yonse akunyambita pambuyo pathu, ndipo thukuta lawo linadzaza madambo moti amayi a m'mbali mwa msewu anabzala mpunga mwezi wa Okutobala. Mukumva? Alamu anaimba belu tikutuluka mu boma, kulira kwake tinakumana nako pobwerera.

Pofika ku Monkey Bay mabuleki anali atapsa kalekale. Anakuwa, "Alamu, nyanja!" Ndinati, "Ndaiona, palasani." Tinatsika padoko n'kulowa panyanja, Walahi, matayala osamira chifukwa madzi sanapeze mpata wowanyowetsa, ine ndikuponda pamisana ya chambo ngati miyala yowolokera mtsinje, ndipo sitima ya Ilala imene inali itanyamuka kale tinaipeza, kaputeni wake n'kutipempha mwaulemu kuti tichepetse liwiro chifukwa mafunde athu akusanzitsa anthu ake. Ine n'kuona kuti tikapitirira titulukira dziko la eni tilibe chiphaso, ndinakumba chidendene pamchenga wa ku Chembe n'kuitembenuza njinga. Onani chidendenechi. Mukuganiza ming'alu iyi ndi ya chisanu?

Pobwerera tinadzera kumtunda. Apa n'kuti alamu atapepuka, ndipo penapake achinyamata a chipani a malaya ofiira aja anatchinga msewu ndi mtengo. Ndinakoka chishalo ndi manja onse, njinga n'kuima. Tinaonetsa makhadi athu. Wamkulu wawo anayang'ana alamu kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nati, "Popita munadutsa muli ambiri. Enawo mwawasiya kuti?" Anatilola kupita titadula khadi la theka la alamu limene linasowalo.

Tinafika pakhomo dzuwa lili pamutu. Achemwali atatsegula chitseko anaona munthu wowonda ataima m'kati mwa mkanjo waukulu ngati thanga la ngalawa. Anafunditsa nkhope ndi mpango, nati, "Pepani bambo, amuna anga kulibe, achoka ndi achimwene." Alamu anati, "Kampango uja watsala?" Apo m'pamene anawadziwa, nakhala pansi pakhonde n'kulira kuposa dzulo lake.

Kuchipatala lamba uja anawazungulira pamkono kawiri. Adokotala anayeza, anayezanso, nati magazi akuyenda mwaulemu ngati mkwatibwi. Alamu anaiona Ramadani imeneyo ndi zina zambirimbiri, ana onse anawakwatitsa okha, ndipo anadzamwalira ali nkhalamba atagwa mumtengo wa mgwalangwa umene palibe anawatuma kukwera.

Mbiri itamveka, adokotala anandipempha kuti ndizilankhula ndi anthu tsiku la msika. Ine mawu anga anali amodzi: "Yendani." Ndipo Mangochi yense anayenda, mashehe kuyenda, abusa kuyenda, makalaliki a pa boma kupalasa njinga mataye akuuluka, amayi apakati kuyenda mpaka ana ankabadwa akuyenda kale, basi inkapita ku Monkey Bay yopanda munthu kondakitala akuitsatira wapansi, chifuwa chinathawa, kuthamanga kwa magazi kunathawa, malungo ankafika pakhomo n'kupeza mwini wake wachoka, m'chipatala nkhuku zinayamba kuikira mazira pamabedi, ndipo adokotala aja, posowa chochita, anagula bwato n'kuyamba usodzi. Ndinkawapikula ine nsomba zawo. Mukumva? Anali msodzi wachabechabe.

Ndiye inu anyamata a lero, mimba zayamba kutsogola musanakwatire n'komwe, muziyenda. Miyendo si zokongoletsera buluku. Amene akukayikabe apite akafunse mpunga wa m'madambo aja chifukwa chake umakoma mchere.

Tsono dzuwa lakula. Mmodzi wa inu athamange akandiitanire wa kabaza. Inde, ndikudziwa kuti kwathu ndi kuseri kwa msikiti womwewu, denga ndikuliona. Koma ine zoyenda ndinamaliza kale, ndinayenderatu ndi za chaka chino.