Tadala Wapita ku Kampu

Lolemba

Tadala wapita. Basi yanyamukira pachipatala m'mawa uno, yodzaza ana odwala impso ngati iyeyo, anamwino ndi makina a dayalisisi, ulendo wa ku kampu sabata yathunthu. Chiyambire kudwala mwanayu sanagonepo kutali ndi ine. Ine misozi mbwembwembwe pawindo la basi, iye ali kalikiliki kufunsa mnzake wapampando dzina.

Komabe ndili ndi pulani. Sabata ino ndibwerera ku utsikana:
kugona mpaka dzuwa litakwera,
kudya zonse zoletsedwa m'nyumba muno, nthochi, tchipisi, usipa wamchere,
kukakwera boti ku Greenwich ndi bambo a Tadala ngati kale tili pa yunivesite,
osaimba foni ku kampu.

Lachiwiri

Ndadzuka kusanache kuti ndikazimitse makina amene kulibe. Zaka zonsezi ndakhala ndikudandaula kuti kulira kwake kumandisowetsa tulo, lero chikundisowetsa tulo ndi bata.

Ndaimba ku kampu. Kungofunsa za sokosi basi. Namwino akuti Tadala ali bwino koma sangabwere pafoni, akupalasa bwato. Bwato, munthu wa kachubu pamimba!

Lachitatu

Tsiku la usipa. Ndachoka ku Barking kuno mpaka ku Croydon, kwa mayi Phiri a ku Chipata aja, amene sasowa usipa m'nyumba mwawo. Ndaukazinga bwinobwino, tomato wambiri, mchere wosayeza, monga tinkachitira ku sekondale ku Dedza. Nthawi imeneyo tinkaubisa m'sutikesi pansi pa yunifolomu, n'kumanyambita zala magetsi atazima.

Bambo a Tadala alawa kamodzi, n'kuyamba kusakasaka madzi. "Mayi a Tadala, mwakhuthuliramo paketi yonse?" Ndalawa nanenso. Sukudyeka. Malilime athu anazolowera chakudya cha mwana osatiuza. Tagonera mpunga ndi kabichi wopanda mchere, ndipo takhuta.

Lachinayi

Namwino uja wayamba kuzindikira mawu anga ndisanatchule dzina.

Tsiku lonse ndikukumbukira msonkhano wa achinyamata a mpingo ku Ntcheu, ndili msinkhu wa Tadala yemweyu. Tinkagona pamphasa m'kalasi, kusamba madzi ozizira apachitsime, kuimba mpaka mawu kusasa. Foni kunalibe. Mayi anga anangondimangira zitumbuwa m'kansalu nati, "Usakataye chitenje changa." Ndinkaganiza kuti atabwerera kunyumba anakapitiriza kusenda nyemba zawo, mtima uli m'malo. Lero ndikukayika.

Lachisanu

Greenwich. Ndavala diresi labuluu, zipi yatsekeka ndi thandizo la bambo. Tagwirizana tili m'sitima kuti dzina la mwana lisatchulidwe.

Mtsinje ndi womwe uja, mphepo ndi yomwe ija imene inandiulutsira mpango tsiku limene bambowa anandifunsira, iwo n'kuuthamangira mawu asanamalize. Ana asukulu adakakhalabe pakapinga awiriawiri, kudya tchipisi m'pepala limodzi. Phiri la pamalopo lokha ndi limene latalika, mawondo akutero.

Boti lisananyamuke n'komwe, bambo a Tadala: "Kodi mankhwala am'mawa aja munawaika m'thumba liti?" Kenako atulutsa foni, ndipo ndaona ndi maso anga: nawonso akhala akuimba ku kampu tsiku lililonse, ali kuntchito. Namwino uja Mulungu amudalitse. Tatsika pamalo oyamba pamene boti laima, tamugulira Tadala chipewa, tabwerera mvula ikutivumba.

Loweruka

A ku kampu atumiza chithunzi. Tadala matope mpaka m'mawondo, akuseka kukamwa yasa, iye ndi atsikana anzake akweza malaya pang'ono kuonetsa timachubu tawo ngati mamendulo. Mwana yemwe uja amene amapita kusukulu atavala juzi lalikulu ngakhale kutenthe bwanji, kuopa kuti wina angaone.

Ndaliyang'ana tsiku lonse. Ntchito palibe yagwirika. Nthochi zapsa zonse pamodzi ndipo ziyenera kutuluka m'nyumba mawa lisanafike. Ndakapereka kwa aneba.

Lamulungu

Wabwera. Akununkha utsi wa nkhuni, mawu asasa, nkhani sizikutha, zonse m'Chingerezi, ine ndikufunsa m'Chichewa monga mwa masiku onse.

Madzulo ndasamba m'manja kuti ndimulumikize kumakina, ntchito yanga ya zaka zonsezi. Wandigwira mkono. Akuti anamuphunzitsa ku kampu, ndipo mnzake wina wamng'ono kwa iye amachita yekha. "Mami, khalani apo, muzingoyang'ana." Chichewa chake choyamba sabata ino.

Wavala masiki, wasamba m'manja mpaka m'zigongono, wapukuta, walumikiza kachubu pang'onopang'ono, lilime lili panja. Kenako wafunsa ngati chaka chamawa angakakhale masabata awiri. Ndati tiona.

Ndakhala pampando, manja anga oyera ali pamiyendo. Ndayang'anitsitsa kuti ndipeze pamene walakwitsa. Ndafunafuna ndithu. Palibe.