Mabawuti Asanu ndi Atatu a Chigayo cha Abambo

Lolemba

Chigayo chili zii, sabata yachitatu tsopano. Anthu akudutsa ndi matumba pa njinga kukagayitsa ku Nsaru, osayang'ana kuno.

Abambo abwera kuchokera ku Lilongwe ndi gasiketi yatsopano ndi mabawuti asanu ndi atatu omangira hedi, chivundikiro cha pamwamba pa injini. Si a kampani yomwe inapanga injiniyi, koma wogulitsa wati ndi olimba kuposa enieniwo. Ndi akuda bii.

A Mbewe, amakaniko a ku Namitete, akhazika hedi, kenako aitanidwa ku Kabudula kukakonza thalakitala. Adzabweranso Loweruka kudzalumikiza mapaipi ndi kuliza injini. Asiya sipanala yawo yaitali yokhala ndi manambala pa chogwirira. Umatchera nambala, n'kumakoka mpaka ilire kuti kete. Ikalira, waleka. Pamene a Mbewe akufotokoza, abambo akuyang'ana mbuzi panja, ndiye a Mbewewo atembenukira kwa ine: "Iwe ndiye ukumva. Katatu: 40, 80, kenako 120. Kuyambira pakati kupita kunja. Osathamanga."

Abambo ati chigayo chikalira Loweruka, woyang'anira injini ndikhala ine. Chikapanda kulira, Lolemba ndikupita ku Lilongwe kukalera ana a azakhali. Ku Lilongwe ndinapitako kamodzi, ndinalira m'depoti.

Dongosolo langa:
Lachiwiri, kupukuta.
Lachitatu, 40.
Lachinayi, 80.
Lachisanu, 120.
Loweruka, phokoso!

Lachiwiri

Ndauzira mabowo onse ndi pampu ya njinga. Bawuti iliyonse ndayipaka dontho limodzi la oyilo. Imodzi yalandira madontho awiri, ndayipukuta n'kuyambiranso.

Ndalemba manambala ndi choko pambali pa bowo lililonse, 1 mpaka 8, ndipo ndajambula zomwezo m'kope kuopa kuti choko chingafufutike. Mabawuti onse alowa ndi dzanja bwinobwino.

Tsiku labwino. Palibe amene wandiyankhula.

Lachitatu

40 yatha. Kete kasanu ndi katatu. Kamvekedwe kake n'kokoma.

Ndikupukuta manja, odi. A Nkhoma, mkulu wa mpingo. Iwo sadutsa munthu akugwira ntchito osalandira chida. Kumunda amalandira khasu n'kulima mizere iwiri, pomanga nyumba amaika njerwa imodzi. Ndi ulemu, aliyense amadziwa. Apachula sipanala wamba ya abambo pa msomali, akunga nambala 3 ndi nambala 7. Ati zimenezo ndiye zimaoneka zofooka.

Ndagwada, ndathokoza.

Atapita ndamasula onse asanu ndi atatu, ndayambiranso. 40 yathanso. Sipanala ya abambo ndayibisa m'thumba la gaga.

Lachinayi

80. Apa pakufunika kuponda mwendo pa chitsulo. Ndafika pa nambala 5, amalume atulukira kuchokera ku Mpingu, akuti amva kuti mwana wa mlongo wawo wasanduka makaniko.

Afunafuna sipanala pa msomali, palibe. Atenga ya a Mbewe m'manja mwanga. Akoka. Kete. Akokabe. Ndanena kuti yalira, koma ndikuganiza kuti yamva ndi nkhuku yokha imene inali pafupi ndi phazi langa. Amalume ati sipanala za masiku ano zimadandaula msanga. Ati iwo anamangapo ngolo ya ng'ombe yomwe mpaka lero palibe wayimasula.

Ndagwada, ndathokoza.

Ndamasulanso onse. Nambala 5 ndayitulutsa, ndayiimika pambali pa nambala 6. Yatalika pang'ono, ndipo pakati yaonda ngati chiuno cha mavu. Izi n'zofunika kuuza abambo. Ndaima kumbuyo kwawo nthawi yaitali akusoka thumba. Atatembenuka n'kufunsa chomwe ndikufuna, ndati tiyi wapsa.

Ndayibwezera. 40, kenako 80. Nambala 5 ndayikoka ngati ndikugwira dzira. Mapewa akupweteka.

Zimene ndinene mawa wina akabwera:
Pepani, zatha kale.
Pepani, a Mbewe anakaniza.
Pepani.

Ndayeserera kuseri kwa khola. Mawu omalizawo ndiwo akutuluka bwino.

Lachisanu

Ndayamba m'mawa anthu asanadzuke. 120! Ndadzikoleka pa sipanala thupi lonse. Kete, kete, mpaka nambala 8. Ngakhale nambala 5 yapirira. Ndaika tiki m'kope pa iliyonse. Ndaphimba injini ndi chiguduli. Zatha. Ndakhala pa thumba, ndikuganiza kumene ndizidzapachika nsalu yopukutira oyilo.

Cha m'ma teni, odi. A Nkhoma, amalume, ndi abambo pambuyo. Avundukula chiguduli. A Nkhoma afunsa ngati mkono wa mtsikana ungamange chinthu chomwe chimagwedeza nyumba yonse. Abambo aseka mwamanyazi, ati mwanayu wayesetsa, kwatsala kungomalizitsa. Afunsa sipanala yawo. Ndapita ndekha kukayitulutsa m'gaga. Ndayipukutanso.

Amalume abweretsa paipi ya mjigo wakale, yotalika kuposa ine. Ayilowetsa ku sipanala. Agwira onse atatu.

Ndati, "Pepani."

A Nkhoma ati palibe chopepesa mwanawe, tonse tinayamba choncho.

Asankha nambala 5. Thwa! Onse atatu pansi, abambo pamwamba pa amalume, chipewa cha a Nkhoma m'beseni la oyilo wakuda. Mutu wa bawuti wagubuduka mpaka pakhomo. Ndautola. Chipewa ndachapa kawiri, sichikuyera.

Loweruka

A Mbewe afika. Asuzumira m'bowo ndi tochi, kenako afunsa amene anabweretsa paipi. Paipi ili poteropo, yatsamira khoma. Palibe akuidziwa.

Zifukwa zimene zaperekedwa:
Amalume: mabawuti ndi achinyengo.
A Nkhoma: chitsulo cha masiku ano.
Abambo: mwina mwanayu anathira oyilo wambiri.

A Mbewe ati chidutswa chatsalira mkati mwenimweni, injini yonse iyenera kupita ku Lilongwe akachiboole ndi makina. Enawo atatuluka, a Mbewe aona kope langa. Atsegula masamba onse, ati m'galaja mwawo mulibe wolemba bwino chonchi. Kenako afunsa chifukwa chimene sindinamalizire Lolemba lomwelo, pakuti ntchito yonseyi ndi ya mphindi makumi awiri.

Ndati anati osathamanga.

Andiyang'ana, ayang'ana denga. Atenga sipanala yawo. Ati siinayambe yawalapo chonchi chiigulireni.

Chigayo chili zii.

Lamulungu

Kutchalitchi a Nkhoma apemphera, opanda chipewa. Apempherera odwala, apaulendo, ndi achinyamata kuti aphunzire kufunsa nzeru kwa akuluakulu. Ndati ameni pamodzi ndi onse.

Galimoto ya matola ibwera mawa m'mawa. Itenga ine ndi injini. Tonse tikupita ku Lilongwe, koma injini akuti ikabwerako.

Zolongedza:
Zitenje zitatu.
Diresi ya kutchalitchi.
Kope.
Mutu wa nambala 5.

Zipi ya chikwama inafa kale, ndiye ndamanga ndi chingwe cha mlaza. Ndazunguliza katatu, kuyambira pakati kupita kunja. Chagwira bwino, ndayesa kunyamula, palibe chikugwedera.

Abambo adutsa pakhonde. Aima, agwira chingwe, ati ulendo ndi wautali, achikungeko pang'ono.

Chaduka.

Ndagwada, ndathokoza.