Wamkulu Ndani, Galimoto Yanga Kapena Mkwatibwi?

Ine sindikonda zolankhulalankhula. Koma nkhaniyi yafala kale m'Nkope monse, ndipo aliyense akuikamba n'kuwonjezera zake. Ndi bwino muimve kwa mwini wake. Ndikamaliza, asandifunsenso munthu.

Moyo wanga wonse ndakhala ndikugulitsa usipa ndi utaka. Sukulu ndinalekeza sitandade sikisi, koma pa malonda palibe anandipusitsapo. Nsomba yogona ndimaizindikira ndili patali, ngakhale aiwaze madzi kuti inyezimire. Mawondo atayamba kukana njinga, ndinati ndigule galimoto. Kuyendetsa ndinaphunzira kale pa lole ya nsomba. Galimotoyo ndinaitanitsa kudzera kwa munthu wina wa m'tauni amene amakatenga magalimoto a ku Japan pa doko la ku Dar es Salaam.

Inafika yoyera mbee, m'kati mukununkhira. Kukailembetsa ndinapita ndekha. Anaipatsa nambala yatsopano, ya chaka chomwe chino, ndipo poikhoma ndinalipo. Tsono munthu ukaona mwana akupatsidwa dzina, umafunsanso zaka zake?

M'mawa uliwonse ndikailiza, m'katimo munkamveka mawu a mzimayi akulankhula Chijapani. Sindinkamva, koma ndinkayankha kuti ndadzuka bwino. (Munthu akakupatsa moni umayankha, kaya ndi wa kuti.) Ana ndinawaletsa kuitsamira. Mayi a kunyumba, Abiti Juma, anasuzumira tsiku lina n'kufunsa chifukwa chake wailesi ya galimoto yatsopano ili ndi kabowo kolowetsa kaseti, pamene makaseti tinataya kalekale. Ndinawauza kuti ku Japan chinthu chabwino sataya. Anangoti "oho" n'kupitiriza kusesa.

Nthawi yomweyo Asiyatu, mwana wa mlongo wanga, anapeza banja m'tauni ya Mangochi. Ine ndiye mjomba wake, choncho unkhoswe unali wanga. Mbali yakuchimuna nkhoswe anali Che Saidi, wa golosale pafupi ndi msika, munthu wolankhula motsitsa ngati akupepesa. Nawonso ali ndi galimoto. Ndikati galimoto ndikungowalemekeza. Penti inasuluka, chitseko chakumbuyo amamanga ndi mphira, nambala yake ndi yakale ndiponso yopindika.

Tinakumana kwa mlongo wanga kuti tigawane ntchito za ukwati. Zonse zinayenda bwino mpaka tinafika pa nkhani ya magalimoto. Imodzi inayenera kunyamula mkwatibwi kuchoka ku Nkope kupita m'tauni. Inayo inyamule mbuzi, nkhuni ndi mapoto a amayi ophika.

"Mwanayu akubwera kwathu," anatero Che Saidi. "Tikhoza kumunyamula ife, ngati simudandaula."

"Mwana wa mlongo wanga sakwera nkhalamba," ndinayankha.

Pamenepo ndikanatseka pakamwa. Koma ndinaona kuti anthu akundiyang'ana, ndiye ndinapitiriza.

"Lamulo likhale ili. Galimoto yaing'ono pa zaka inyamule mkwatibwi. Yaikulu inyamule mbuzi."

"Yaing'ono pa zaka," anabwereza Che Saidi pang'onopang'ono. "Mwatero, ankhoswe anzanga?"

"Ndatero. Ine mawu anga sabwerera m'kamwa."

Ndinauza onse amene analipo kuti akhale mboni, ngakhalenso ashehe. Che Saidi anandigwira chanza ndi manja awiri. (Pa malonda, munthu akavomera mtengo msanga chotere ndimayang'ananso m'dengu. Tsiku limenelo sindinayang'ane.)

Lachisanu titatuluka mu mzikiti ndinauza anthu kuti Che Saidi ayambiretu kufuna masaka oyala pa mipando. Anthu anaseka, ine ndinamva kukoma. Ndiye ndinachita china chimene mpaka lero Abiti Juma amandikumbutsa. Mlongo wanga anali atasankha kambuzi kakakazi, kofatsa. Ine ndinati kachepa, alendo atinyoza. Ndinakasinthitsa ndi tonde wa ndevu, wamkulu, amene fungo lake limafika munthu asanamuone. Ndinamumanga kuseri kwa nyumba yanga n'kumamudyetsa ndekha madeya ndi masamba aawisi, kuti pa ulendowo m'mimba mukhale mwamtendere. Ndinkafuna kuti Che Saidi azindikumbukira nthawi zonse akatsegula chitseko.

Tsiku la ukwati m'mawa, amayi anayamba kumanga maliboni pa galimoto yanga. Ndinaima pambali nditavala mkanjo wanga woyera, ndikuwauza kuti asakande penti. Che Saidi anafika, galimoto yawo ikulira ngati chigayo. Tinapatsana salamu.

"Asanamange zambiri," anatero, "tione kaye zaka, monga munalamulira."

Ndinaloza kutsogolo. "Werengani nambala. Kapena ndikubwerekeni magalasi?"

"Nambala ndaiona, ndi yokongola. Koma nambala imanena za chaka chomwe galimoto inalembedwa m'kaundula wa boma kuno kwathu. Za chaka chomwe inatuluka ku fakitale, nambala sidziwa. Mundilole?"

Anatsegula chitseko cha galimoto yanga, anagwada, n'kukoka lamba wa pa mpando uja, womangira munthu, mpaka kumunsi kwenikweni. Kumeneko kunali kansalu kosokedwa, kolembedwa tizilembo. Ine galimotoyi ndinkaipukuta tsiku ndi tsiku, koma kansalu kameneko ndinali ndisanakaonepo. Che Saidi anaika chala pansi pa manambala anayi.

"Apa opanga amalemba chaka. Werengani nokha, ine ndingalakwitse."

Ndinavala magalasi. Ndinawerenga. Ndinawavula, kuwapukuta ndi mkanjo, n'kuwerenganso. Manambala sanasinthe. Mlongo wanga anasuzumira pa phewa langa, ndipo mlongo wanga sadziwa kunong'ona.

"Achimwene, chaka chimenechi ine Asiyatu ndinali ndisanamuyembekezere n'komwe."

Amayi a maliboni anasiya kumanga.

Tinapita pa galimoto ya Che Saidi. Anakoka lamba wawo, wakuda ndi thukuta. Kansalu kake kananena chaka cha posachedwapa, Asiyatu ali kale ku sukulu. Anafotokoza mofatsa kuti galimotoyo inagulidwa yatsopano ku Blantyre ndi bungwe lina, n'kulembetsedwa chaka chomwecho. Iwo anaigula kwa bungwelo. Chinaikalambitsa nkhope ndi msewu wa ku Makanjira. Yanga inadya unyamata wake wonse ku Japan, n'kubwera kuno itadzola mafuta.

Sindinagonje msanga. Mwamuna sagwa ndi chibakera chimodzi.

"Zaka za ku Japan ndi za ku Japan," ndinatero. "Kuno yabadwa chaka chino. Boma likudziwa."

Amene anandimaliza ndi Abiti Juma, munthu amene ndimadya naye mbale imodzi.

"Abambo, inu chiphaso chanu cha unzika munalembetsa liti? Si dzana lomweli, imvi zili mbuu? Ndiye tizikugulirani matewera?"

Amayi anabisa nkhope m'mipango, mapewa okha akugwedera. Ashehe anagwidwa ndi chifuwa chadzidzidzi, anakatsokomolera kuseri kwa mtengo.

Kenako Che Saidi anachita chinthu choipa kuposa zonse. Anandimvera chisoni.

"Ankhoswe anzanga, ndi nkhani yaing'ono iyi. Maliboni amanga kale. Lamulo lija tingoliiwala."

Pamaso pa mbumba yanga yonse, munthu wa chitseko cha mphira andikhululukire ine? Ndikanavomera, mawa ndani akanamveranso mawu anga pa mlandu wa banja?

"Masulani maliboni," ndinatero. "Bweretsani mbuzi."

Nkhuni zinadzaza kumbuyo. Mapoto anawamanga pamwamba. Tonde anakana malo ena alionse, anamukweza pa mpando wakumbuyo, ndipo masaka oyala panalibe chifukwa ine sindinakonzeko. Abiti Juma anati akwera ndi mkwatibwi kuti azimukonza mpango. Ndinanyamuka ndekha ndi mlendo wangayo.

Kutsogolo galimoto ya Che Saidi inkaimba hutala, maliboni ali petupetu, ena atamangidwa pa mphira ya chitseko ija. Ine pambuyo, mapoto akulira pa bampu iliyonse. Tisanapite patali, madeya ndi masamba aja anayamba kugwira ntchito yomwe ndinawatuma. Ndikatseka mawindo, misozi. Ndikatsegula, tonde ankatulutsa mutu n'kumalira, anthu a m'mbali mwa msewu n'kumamubayibitsa. Chapakati pa ulendo anapeza kolala ya mkanjo wanga n'kuyamba kuitafuna. Sindinamumenye. Iye sanalakwe.

Titafika m'tauni, bambo wina amene sankandidziwa anagogoda pa windo kufunsa ngati ndimapanga hayala ya ziweto Loweruka lokha kapena masiku onse. Ndinangoponda mafuta.

Ukwati unayenda bwino, anthu anadya, tonde ndinamudya ndi mtima wonse. Pobalalika, Asiyatu anabwera kudzandigwadira ndi kuthokoza. Mwana waulemu ndithu. Atadzuka anayang'ana galimoto yanga n'kufunsa motsitsa:

"Amjomba, ndiye iyi ndiziitchula kuti achemwali?"

Mpando uja tautsuka ndi sopo, ndi mandimu, ndi phulusa. Dzuwa likatentha tonde amadzukanso. Anthu amati ndaphunzirapo kanthu, kuti pogula galimoto uziyang'ana chaka chopangidwa osati cholembetsa. Ndaphunziradi. Nditabwerera ku Nkope ndinatenga lumo, ndinagwada, kansalu kaja ndinakadula bwinobwino. Amene akufuna kudziwa zaka za galimoto yanga awerenge nambala.